Nyerere M'chitini cha Amino

Manzese,
Dar es Salaam,
9 Julaye

Okondedwa achimwene Hango,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi banja langa. Kodi muli bwanji kumeneko ku Singida? Chifuwa chija cha Amayi chinasiya, kapena chayambiranso ndi mphepo ya mwezi uno? Ife kuno tilipo. Mkazi wanga Sauda ali bwino, akusokabe. Mwana wathu Zulfa wayamba sukulu ya mkaka.

Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Ndine ndemwe Ntandu, koma ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Pa foni ndalephera kangapo kukuuzani zoona, chifukwa mukangofunsa za mkono, pakamwa panga pamatuluka zoti ukuchira. Kalatayi muyambe mwawerenga muli nokha.

Mkono sukuchira, achimwene. Fupa linalumikizana kalekale. Koma tsiku lija lole inandigunda pa njinga yamoto mu Novembala, ndinagwera phewa, ndipo mitsempha yochokera m'khosi kupita ku mkono wamanja inaduka. Kuyambira paphewa mpaka ku zala sindimva chilichonse. Umangolendewera. Mu Febuluwale unakhudza mbaula Sauda akukazinga mandasi, ndipo ndinadziwira fungo. Sauda analira. Ine ndinangoyang'ana chilondacho ngati chili pa munthu wina.

Mukudziwa kuti zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudyera thupili, kuima pakhomo pa holo ya maukwati ndi madansi ngati baunsa. Chimene sindinakuuzenipo ndi cha ufa wina umene timamwa kujimu kwa a Makame, kumene timanyamulira zitsulo. Timautcha amino. Umabwera m'zitini zazikulu zapulasitiki zojambulidwa munthu wa minofu yotupa. Timausungunula m'botolo la madzi n'kumamwa pang'onopang'ono uku tikunyamula. Amati umamanga minofu ndi kuchotsa kutopa.

Chitini chathunthu mtengo wake ndi lendi ya miyezi iwiri, ndiye palibe wa ife amene ankagula chathunthu. A Makame amagula chimodzi n'kumatigulitsa kasupuni kamodzikamodzi atakulunga m'kapepala. Masiku ambiri ndinkasiya chakudya chamasana kuti ndipeze kapepala kameneko. Ndikapanda kumwa, chitsulo chinkaoneka ngati chalemera kawiri.

Nditatuluka m'chipatala, anzanga a kujimu anasonkherana n'kundigulira chitini chathunthu. Anabwera nacho ndi Shabani, uja timamutcha Kontena chifukwa cha kukula chifuwa, amene anakunyamulirani thumba la mpendadzuwa ndi dzanja limodzi mutabwera kuno. Anachiika patebulo, ati imwa aise, tikuufuna mkonowo, amene amuika m'malo mwako pakhomo pa holo ndi woonda ngati ndodo ya mopu, ngakhale agogo akumukankha n'kulowa ulere. Kenako anatembenukira kwa Sauda, ati alamu, mukadzaona mkonowu wayamba wokha kuba nyama mumphika, musadzaukalipire, ndiye kuti mankhwala agwira. Sauda anaseka. Inenso ndinatsegula pakamwa kuti ndioneke ngati ndikuseka.

Pachitinipo analemba kuti supuni yodzaza kawiri pa tsiku. Ndinaona kuti ndikatero chitha mwezi usanathe, ndiye ndinkayeza ndi kachitsekero ka botolo, kamodzi m'mawa basi. Lachisanu lililonse ndikabwerako ku mzikiti, Sauda ankandiyeza mkonowo ndi tepi yake yosokera. Kale unkakwana masentimita 44. Mu Januwale unali pa 39. Pofika Malichi unali pa 35. Kenako anayamba kunena kuti tepi yasowa, ine osamufunsanso.

Kuchipatala kuli mayi Mushi, amene amatichititsa mafizo. Tsiku lina anaona botolo langa la madzi ofiirira n'kufunsa kuti n'chiyani. Nditawauza, anati ulendo wotsatira ndibwere nacho chitinicho. Anavala magalasi n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo kwa nthawi ndithu. Kenako anandifunsa muyezo wanga, ine n'kuwaonetsa kachitsekero. Anandiyang'ana ngati mwana amene wabwera kusukulu atavala malaya mozondoka.

Anati zimene zili m'kachitsekeroko ndingazipeze m'mazira awiri, ndipo mazirawo ali ndi zinanso zambiri zimene ufawo ulibe. Anati munthu amene akudya nyemba, mazira ndi tinsomba ta dagaa mokwanira, kaufa kochepa chotere sikamuwonjezera kanthu koti n'kukaona, kamangopepula thumba. Ndiye anatsitsa mawu, ati koma kwa inu, bambo Ntandu, nkhani si imeneyo, waya ndi umene waduka, babu ngakhale mulipukute tsiku lililonse siliyaka.

Ndinavomera ndi mutu. M'mawa mwake ndinasungunula kachitsekero kanga monga mwa masiku onse. Sindinganene kuti ndinkakhulupirirabe. Kungoti ndikadzuka panalibe china chondidikira. Kutsegula chitini nditachipanira pakati pa mawondo, kuyeza, kukhutchumula botolo, kumwa: imeneyo ndiyo inali ntchito yanga ya tsiku lonse.

Chitinicho chinatha kumapeto kwa Epulo. Ndinagulitsa lamba wanga wachikopa wonyamulira zitsulo ndi nsapato za kuntchito, n'kumupatsa Sauda ndalamayo kuti akandigulire ufa wina kumsika wa Kariakoo. Ine mabasi odzaza ndimawapewa, anthu amaupanikiza mkonowu pachitseko ine osadziwa. Anabwera ndi ufa m'jumbo, akuti wapeza sitolo yogulitsa wopima, wotsikirako mtengo. Anauthira m'chitini chakale chija. Mtundu unali womwewo, koma unkatsekemera kuposa woyamba. Anati ndi wamtundu watsopano.

Ndinamwa ufa umenewo milungu isanu ndi umodzi. Tsiku lina ndinaona ngati chala chaching'ono chagwedezeka. Ndinamuuza Kontena, iye n'kukalengeza kujimu konse. Anzanga ankandiimbira foni, ati wayamba kugwira, usasiye, ena ati wonjezera muyezo.

Pakati pa mwezi wa Juni, m'mawa wina, ndinatsegula chitini n'kupeza nyerere zili mbuu, zina zikutuluka zitanyamula. Ndinakhala n'kumaziyang'ana. Zaka zonsezi sindinaonepo nyerere pa amino. Timapepala ta a Makame timakhala pawindo sabata yathunthu, nyerere osayandikira.

Sauda anali pa makina, akusoka diresi la mkwatibwi wina. Ndinamuonetsa chitinicho n'kufunsa kuti mayi a Zulfa, ichi n'chiyani. Anamaliza kaye mzere umene ankasokawo, n'kudula ulusi ndi mano. Ndiye anandiuza osaphethira kuti ndi ufa wa juwisi umene ana amagula pa geti ya sukulu, wosakaniza ndi shuga. Ndinafunsa za ndalama ya lamba. Anati bambo a Zulfa, mazira awiri amene mumadya m'mawa uliwonse aja mumayesa ndikuikira ndine? Anaulula kuti anapita yekha kwa mayi Mushi kukafunsa, ndipo atamva yankho sanathe kukapereka ndalama imeneyo kusitolo, mwamuna wake akuonda thupi lonse.

Kenako anaimirira, ati kalipani. Ati ndakhala ndikudikira milungu yonseyi kuti mudziwe, mundikalipire, muswe kapu, muchite chinachake, ndatopa kukhala m'nyumba ndi mpando.

Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, achimwene. Ndinaudikira ndithu, chifukwa ndinaona kuti mkaziyu akuufuna. Sunabwere. Ndinachotsa nyerere ndi supuni, ndinayeza kachitsekero, ndinasungunula n'kumwa. Unali wokoma. Sauda anatuluka n'kukakhala kwa aneba mpaka masana. Za chala chija, ndikaganiza tsopano, mwina sichinagwedezeke n'komwe.

Patapita masiku awiri ndinapita kujimu, koyamba chichitikireni ngoziyo. Ndinapeza a Makame atakhala pa benchi, akudya nyemba ndi chapati. Anyamata anasiya zitsulo n'kubwera kudzandipatsa moni, maso awo akuthawa mkonowo. Ndinafotokoza za nyerere. Ndiye ndinawafunsa a Makame pamaso pa onse kuti madala, zaka zonse zija ndinkasiya chakudya n'kumagula kapepala kanu, kodi kankagwira ntchito?

Anatafuna kaye. Ati mwana wanga, iwe unkafika pano kasanu pa sabata, mvula kaya dzuwa, unkanyamula mpaka kusanza, ndiye ukundifunsa ine kuti mkono unamangidwa ndi chiyani? Ndinawafunsa ngati iwo amamwa. Anaseka mpaka kutsamwa, ati ine wa zaka sikisite ndimwerenji zimenezo, suona mbaleyi? Nanga mumagulitsiranji? Ati mnyamata akagula kapepala sajomba, amafuna ndalama yake igwire ntchito, ndiye amanyamula mwamphamvu. Analozanso kudenga, ati komanso malatawa sagulidwa ndi thukuta lanu.

Kontena anawomba m'manja, ati ndiye madala mwakhala mukutimwetsa juwisi wa mabwana, pomwe alamu athu akupanga yemweyo pamtengo wa ana! Jimu yonse inafa ndi phwete. A Makame ati amene sakufuna asiye, palibe amene ndamugwira pakhosi. Ndinakhalako pang'ono n'kumaonerera. Ndisanachoke ndinaona Kontena akupereka ndalama n'kulandira kapepala kake. Atazindikira kuti ndamuona, anakweza mapewa, ati aise, ndazolowera.

Chimenecho ndicho ndinapeza pa nkhani ya ufawu. Kwa munthu wa mikono iwiri, kachitsekero kamodzi ndi mazira awiri ogula pamtengo wa nkhuku. Kwa ine ndi madzi ofiirira. Ndinasiya kumwa, osati chifukwa chotsimikiza mtima, kungoti nyerere zinabweranso ndipo Sauda anautaya ufawo. Chitinicho akusungiramo mabatani.

Sabata yatha anandiyeza komaliza kuchipatala. Amabaya tisingano m'minofu n'kudutsitsamo magetsi pang'ono, uku akuyang'ana pa makina. Adokotala anabaya malo asanu ndi awiri. Ndinkaona singano ikulowa, basi. Anati papita miyezi isanu ndi itatu popanda chizindikiro chilichonse, ndipo sakufuna kundinamiza. Opaleshoni ilipo, koma amaichita kutali, nthawi yake yabwino yadutsa, ndipo ngakhale itayenda bwino mwina ndingadzangotha kupinda chigongono. Anandifunsa ngati ndili ndi funso. Ndinati ayi, zikomo. Pobwerera ndinagulira Zulfa chinangwa chokazinga pa siteji.

Mwini holo ndi munthu wabwino. Anandiyesa pa ntchito yong'amba matikiti pa geti, nditakhala pampando. Koma tikiti imafuna manja awiri. Ndinayesa kugwira ndi mano, alendo ena n'kudandaula. Tinasiyana bwinobwino, anandipatsa thumba la mpunga.

Tsono ndikubwera kumudzi. Ndidzakwera basi ya m'mawa pa 2 Ogasiti. Sauda ndi Zulfa adzanditsatira mu Disembala sukulu ikatsekera, pamodzi ndi makina osokera. Sauda ndi amene wanena kuti nditsogole, akuti mwina mphepo ya kwathu idzandidzutsa. Tikulankhulana bwino, musade nkhawa. Chochita kumeneko ndidzaona ndikafika, mwina nkhuku.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo si la ndalama. Muwauze Amayi ine ndisanafike. Iwo akudziwabe Ntandu wa pa chithunzi chija chili pakhoma, amene amaonetsa mlendo aliyense. Muwauze kuti mkonowo tsopano ndi wowonda kuposa wawo, ndipo ndimauika m'thumba la jekete kuti usamalendewere. Muwauze kuti akadzatambasula dzanja ndidzawapatsa lamanzere, ndipo pa mphasa ndidzadya ndi lamanzere, pamaso pa alendo omwe. Mukukumbuka mmene ankatimenyera zala ndi chipande tikangoyerekeza kutero tili ana.

Musawachepetsere nkhaniyi. Muwauze yonse, masiku akadalipo, kuti alire inu muli pambali pawo. Ine misozi ndilibe, achimwene. Ndaifunafuna, palibe. Chimene ndikuopa n'chakuti adzandilirira pa siteji ya basi, ine n'kungoima n'kumawayang'ana, iwo n'kuganiza kuti mwana wawo wasiya kuwakonda.

Mundiperekere moni kwa Amayi, mukamaliza kuwauza. Moni kwa alamu anga ndi ana onse, kwa mlongo wathu Mwanaidi ndi amuna ake, kwa amalume a Senge, ndi kwa azakhali a ku Ilongero ngati mwendo wawalola kubwera kumsika. Sauda akupereka moni kwa nonse. Zulfa akuti agogo amusungire mwanapiye woyera.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane pa siteji. Mudzabwere nokha, ndipo mudzandithandize chikwama.

Ndine mng'ono wanu,
Ntandu