Makina a Zipolopolo a Bambo Duncan

Lachinayi. Mvula tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Bambo Duncan, okalamba amene ndimawasamalira ku Maryhill, amadzipangira zipolopolo za kukalabu yowombera. Chilolezo ali nacho. Makina awo amagwetsa okha makoko a zipolopolo, koma lero ndawapeza m'galaja atazimitsa mbali imeneyo. Amaika khoko limodzilimodzi ndi dzanja, n'kumasuzumira m'kati.

"N'kwa lero lokha," anatero.

Sindikukhulupirira. Khoko lina analisuzumira katatu. Ndikukayikira kuti akumaiwala ngati athiramo kale wonga. Lolemba lomweli ketulo ndinaipeza m'furiji.

Potsanzikana anandigwira mkono: "Usamuuze mwana wanga."

Ine ndinali ndisanatchule za mwana. Nambala yake ndili nayo, koma akawalanda makinawo bambo aja atsala ndi chiyani…