Sadaka Yanu Tayamba Tayiimika

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno tilipo, koma ndili nanu mlandu. Munapita bwanji n'kundisiyira amuna anu, osandisiyira ngakhale kapepala kofotokoza mmene munkawathera?

Chotupa chija cha pansi pa khutu la ababa chinapezeka kuti ndi khansa ya m'chiwalo chopanga malovu. Anachichotsa ku Blantyre, opaleshoni inayenda bwino. Adokotala anatiuza mosabisa: bala likangopola, ababa akayambe kuwotchedwa ndi makina a cheza ku Lilongwe, ndipo pasadutse masabata asanu ndi limodzi, chifukwa tizidutswa totsalira tikapatsidwa nthawi timaphukanso.

Mukudziwa zimene ababa anachita? Anawerenga masiku, n'kupeza kuti sadaka yanu ya chaka ikugwera pakati pa chithandizocho. Kalata ya kuchipatala anaibisa m'thumba la mkanjo wawo wa Lachisanu. Ndikaimba foni kuchokera kuntchito ku Mangochi, yankho linali, "Sanandiitane." Uku mbuzi agula kale, ashehe awauza kale. Pamene ndinkakwera kumudzi ku Namwera n'kuipeza kalatayo, sabata yachinayi inali itatha. Manyazi analibe. Akuti, "Tsiku la mkazi wanga, ine ndikhale ndili chagada m'makina?"

Ndinawafotokozera ndi digiri yanga yonse. Anangondiyang'ana ngati wogulitsa mankhwala a makoswe pa depoti. Kenako ndinakumbukira zija munkanena: bambo ako osakangana nawo, ingowalongedzera chikwama. Ndinalongedza, n'kukatenga ashehe, amene anawauza maso ndi maso kuti dua yopempherera omwalira siiwonongeka ikachedwa, ndipo inu mulibe changu.

Anayamba chithandizo kutatsala masiku awiri okha kuti masabata asanu ndi limodzi aja athe. Ndinalira m'minibasi, Amayi, ine yemwe uja woseka anthu olira pagulu.

Pano akwanitsa masabata awiri. M'kamwa mukumawauma, sasiyana ndi botolo la madzi, ndipo akuti ophika a ku Lilongwe sadziwa mchere. Akamadandaula choncho mtima wanga umakhala pansi. Mng'ono wanga Asiyatu wabereka mwana wamkazi, wolira ngati walipidwa. Chimanga tapeza chokwanira, ngakhale anankafumbwe ayamba kale kudziitana.

Choncho sadaka yanu ichedwa, ndipo woiimika ndine. Kwiyirani ine. Ndikulonjeza kuti ababa akabwerako tidzaichita mokwanira, iwo atakhala pa mkeka wakutsogolo, akukangana ndi ophika.

Ndine mwana wanu wokukondani, wapakamwa uja,
Mariamu