Ankati Abwera Lachiwiri

Lachitatu, 11 Juni

Bambo a mwana sanabwere. Ankati akangotsitsa katundu abwerako ndi thiraki, Lachiwiri afika. Foni yawo yozima. Ndaimba mpaka chala kuwawa.

Kusukulu, phunziro la Chingerezi sabata ino: kanenedwe ka zimene tinkayembekezera kuti zichitika. Ngati wina akundiseka. Pabolodi ndalemba chitsanzo cha mvula.

Lachinayi, 12 Juni

Mtima uli m'mwamba. Chitseko cha kukhitchini chikukhulabe pansi. Ankati adzachikonza akabwera.

A Fomu 2 asokoneza zonse, chiganizo mutu uli dzana, mchira uli mawa. Ndinawauza, "Mneni woyamba akabwerera m'mbuyo, mnzakeyo amutsatire. Asasiyane." Kamtsikana ka kutsogolo kanalemba Chingerezi chosalala: tinkaganiza kuti amayi achira. Ndinachonga, n'kuthawira panja.

Loweruka, 14 Juni

Wailesi yati thiraki yagubuduzika pamlatho, woyendetsa sakudziwika. Tinapita kumochale ndi achimwene. Mtembowo si wa bambo a mwana. Ndinaseka, kenako ndinasanza.

Apongozi abwera ndi Baibulo, ayamba kale zoti "mwana wanga anali wofatsa." Anali! Ndinawayankha mwamwano: "Amayi, musawaike m'manda ali moyo." Ndidzapepesa.

Ndikuopa. Ndikuopa zedi. Mwana akufunsa adadi, ndamunamiza kuti tayala laphulika panjira.

Lolemba, 16 Juni

Kukampani ndikaimba amangoti tikuimbirani. Ndatsanzika kwa ahedi, ndapitako ndekha.

Thiraki ili pomwepo pakona, yotsukatsuka, matayala onse bwinobwino.

Mlonda: "Aa, mayi, amenewotu anafika Lachiwiri lomwelo m'mawa. Anapereka makiyi, anatigwira chanza tonse. Amati mukusamuka." Anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi.

Sindikukumbukira mmene ndafikira kunyumba. Ndatsegula wadiropu. Suti palibe. Nsapato za kutchalitchi palibe. Chikwama chachikulu cha pamwamba chija palibe, pangotsala pamene chinkakhala, popanda fumbi. Zinatuluka liti? Ine ndinali kuti? Sabata yathunthu ndikulirira munthu amene anapakira ndili m'nyumba momwemo.

Apongozi sanabwerenso, foni sakuyankha. Kodi akudziwa?

Mawa mayeso a Fomu 2. Chitsanzo ndachipeza tsopano: ndinkaganiza kuti choopsa kwambiri n'kukawapeza kumochale.

Mwana waima pakhomo. Akufunsa ngati tayala lija alikonza, ndipo ine...