Tisefa Tagolide ndi Khutu la Bambo Ako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi kamdzukulu kanga. Kodi chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Nanga iwe miyendo ikutupabe ukaimirira tsiku lonse kuntchito? Kuno tikudzuka ndithu. Ine ndi msana wanga womwe uja, umadandaula ndikakhalitsa pa makina osokera, koma zimenezo ndi za ukalamba basi.

Mwina ukudabwa kuti ndalemberanji kalata foni ilipo. Zimene ndikufuna kukuuza sindingazinene pa foni, chifukwa ndikamalankhula nawe bambo ako amakhala pompo akundiyang'ana pakamwa.

Phukusi lako linafika. Bambo ako analitsegula masana atabwera kudzadya, manja ali bii ndi ntchito yawo yowotcherera zitsulo. Ataona kabokosi kaja anafunsa ngati wawatumizira ndolo. Nditawauza kuti ndi mahedifoni olowetsa m'makutu, anati unavutikiranji, pa shopu ya pakona otere ali mbwee. Koma nkhope inkawala, ndimawadziwa ine.

Chimene chinatizunguza mutu ndi tisefa tija tomangira kunsonga kwa mahedifoniwo posintha kamvekedwe ka mawu. Iwe unangoti tizisinthasintha timve kusiyana kwake, osatichenjeza kuti ndi tating'ono ngati nsabwe. Bambo ako anayesa kumasula kamodzi ndi zala zawo zikuluzikulu zija, kanapulumuka n'kugwera pansi. Ukanationa, anthu akuluakulu tikukwawa kunsi kwa tebulo, wina akuloza mnzake kuti ndiye wakaponda. Ndinakapeza ine m'mphepete mwa kabati, ndipo kuyambira pamenepo kumanga ndi kumasula ndi ntchito yanga. Munthu wolowetsa ulusi pa singano tsiku lonse sangaope kasefa.

Tinayamba ndi takuda. Ndinawaikira nyimbo zawo zakale zija, pomwepo anayamba kugwedeza mutu. Akuti besi ikugunda mpaka m'chifuwa ngati munthu akukhoma geti lachitsulo. Ine nditayesa ndinamva ngati ndalowetsa mutu mu mgolo. Tasiliva sanachedwe nato, anati tili ngati tiyi wopanda shuga, tilibe mlandu komanso tilibe chokoma.

Nditamanga tagolide ndinawaikiranso imodzi mwa nyimbo zija. Patapita kanthawi anati nyimbo imeneyo anayamba kuimvera ali mnyamata, koma anali ataiwala kuti woimbayo amakoka mpweya asanayambe ndime. Akuti ng'oma zabwerera kumbuyo, mawu abwera patsogolo, ngati munthuyo wakhala pampando wa pafupi.

Apo m'pamene ndinaganiza zowatsegulira mauthenga ako a mawu. Paja ukatumiza ndimatsegula pa sipika, iwo n'kumavomera ndi mutu, kenaka amandifunsa kuti ndiye wati chiyani kwenikweni. Ine ndinkayesa ndi ulesi wa amuna, ofuna zotafuniridwa kale.

Ndinawaikira uthenga uja wa mwana akuimba m'bafa kenaka n'kuitana kuti agogo, agogo. Bambo ako anagwira tebulo ndi manja onse awiri. Anati ndibwereze, ndinabwereza. Kenaka anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi mwanayu amaseka chonchi masiku onse? Bwanji simunandiuze kuti ali ndi kamawu kosasa ngati amayi ake?"

Tsiku limenelo sanabwerere kuntchito. Anamvera mauthenga ako onse, kuyambira aja unkatumiza utangofika kumeneko, ukudandaula za kuzizira ndi kusowa wocheza naye. Ambiri anawamva ngati atsopano. Penapake anandikwiyira kuti unkalankhula ukulira ndipo ine sindinawauze.

Atatha anayamba kukalipira amene anapanga mahedifoniwo, akuti akubera ndalama iwe mwana wawo, chifukwa ya kumanzere ndi yakufa. Ndinaiika m'khutu langa, inkamveka bwinobwino. Anati mwina ndi kasefa, ndinasintha, sizinathandize. Kenaka okha anatenga ya kumanzereyo n'kuiika m'khutu lakumanja, inamveka. Anatenga ya kumanja n'kuiika kumanzere, kunali zii. Tinangoyang'anana. Anaika tinthuto m'kabokosi mosamala n'kutuluka kukaima pa geti.

M'mawa mwake anavala malaya oyera osauzidwa ndi munthu, n'kunena kuti tipite kuchipatala. Munthu amene akadwala ndimamukakamiza za chipatala mpaka pakamwa kuuma. Adokotala anawalowetsa m'kachipinda n'kuwauza kuti azikweza dzanja akamva kulira kwa makina oyezera makutu. Ine ndinkaonera pa galasi. Nthawi zambiri dzanja linkangokhala pa bondo.

Adokotala anati khutu lakumanzere linatha kalekale, ndipo lakumanja likutsatira. Akuti ndi phokoso la galayinda yodulira zitsulo ndi nyundo la zaka zonsezi. Anawauza kuti azitseka makutu pogwira ntchito, ndipo anatchula za kachipangizo kothandiza kumva, koma anakana kulonjeza kuti khutulo lifika nafe pati.

Pobwerera bambo ako anandiuza kuti ndisakuuze, uli kale ndi zokwanira zokulemetsa. Ndawamvera pa zambiri m'banja muno, koma pa ichi ayi.

Masiku ano akaweruka amasamba msanga, n'kukhala pakhonde, hedifoni imodzi m'khutu lakumanja, inayo ikulendewera pachifuwa. Anzawo akamadutsa amawaseka kuti asanduka mnyamata wa pasiteji, iwo amangowakwezera dzanja. Nyimbo anazisiya, amangobwereza iwe ndi mwana. Tisefa takuda anandiuza kuti ndisunge m'kabati. Akuti ng'oma adzazimvabe ndi chifuwa ngakhale makutu atatsekeka, koma mawu a munthu chifuwa sichimva.

Mwana wanga, bwera. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali, ndiponso kuti abwana ako sapereka tchuthi mophweka. Sindikuti usiye ntchito ayi. Koma usadikire kuti zinthu ziyambe zakhala bwino, chifukwa khutu silikudikira. Bwera ndi mwanayo adzaitane agogo ake ali pamiyendo pawo, adzamve kuseka kwake kopanda waya. Inenso ndakusowa, ngakhale sindinena kawirikawiri. Ndikamasoka madiresi a ana a eni ndimangoyerekeza msinkhu wa mdzukulu wanga ndi maso, osadziwa ngati ndikulondola.

Pakadali pano uzitumiza mawu, osati zolemba. Uzilankhula pang'onopang'ono, kutali ndi phokoso la msewu. Uzinena chilichonse, ngakhale zimene wagula kumsika kapena za mnzako wa kuntchito wovuta uja. Iwo sasankha.

Dzulo ndinawafunsa mocheza kuti ukamadzabwera udzawatengere chiyani. Anaganiza kaye, kenaka anati, "Asadzanyamule kanthu. Adzangokhala mbali iyi," akusisita mpando wa kumanja kwawo.

Mulungu akusunge ndi kukutsegulira njira. Undiperekere moni kwa apongozi, ndipo kamdzukulu kanga ukakumbatire m'malo mwanga. Azakhali ako ndi mlongo wako akuti moni wambiri. Ukamayankha usatchule za kalatayi mu uthenga wa mawu, chifukwa ndi tagolide timeneti bambo ako akumva zonse.

Ndine mayi ako okukonda.