Chithunzi Chimene Chinathyoletsa Nthiti za Amalume

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Joniko. Kuno ana ali bwino, koma amalume agonekedwa m'chipatala.

Lachiwiri, pa gulu lathu la pa foni la othyola tiyi panabwera chithunzi cha bambo wa chipewa chofiira, akuti amaba njinga za kabaza. Nkhope sinkaoneka bwino, koma ine ndinangochitumiza kwa ena. Masana ake amalume akudutsa pa Khonjeni atavala chipewa chawo chofiira chija, anyamata anawagwira. Anawamenya ndi zibonga ndi njerwa mpaka nthiti kuthyoka, mano kugululuka. Wina anali atabwera kale ndi petulo. Ndinafika chothamanga n'kudzigwetsa pa iwo, ndikukuwa kuti, "Asiyeni, ndi amalume anga!"

Mnyamata wina anandionetsa foni yake. "Mayi, si inu munatitumizira?"

Tsopano m'mawa uliwonse, tisanalowe m'munda, ndimapempha anzanga kuti chimene sanaone ndi maso awo asachitumize. Inunso achimwene, muziyamba mwafufuza.

Mundipempherere. Amalume amandithokoza kuti ndinawapulumutsa, ndipo sindinawauzebe zoona.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati