Masamba Asanu ndi Awiri a Msahafu wa Che Habibu

Lolemba, 1 Ogasiti 1938

Masabata atatu chiwaikire amuna anga, Che Habibu. Ndikulemba kumbuyo kwa kope la mdzukulu wanga Dorah. Sukulu ndinalekeza Sitandade 1, amene zilembo zanga zamunyansa atsinzine.

Kwabwera munthu wa kukampani. Akuti chipinda chino cha m'komboni ya Makokoba chinali cha ntchito ya malemu, pakutha pa mwezi ndituluke. Ndati chabwino. Anaima pakhomo kudikira kuti ndilire, mpaka miyendo inamutopa yekha.

Lachiwiri, 2 Ogasiti

Mphepo ndi fumbi tsiku lonse.

Lachinayi, 4 Ogasiti

Mwana wanga Gibson wabwera ndi nsapato zopukuta, ndinadziwiratu kuti pali nkhani. Mzungu amene amamuphikira uja amatolera zakale. M'nyumba mwake muli mikondo, mipando ya mafumu, ndi mabuku amene sawerenga, zonse m'kabati yagalasi. Wamva za Msahafu wa malemu, Kurani yolemba pamanja ija imene agogo awo anabwera nayo ku Nkhotakota kuchokera kugombe la nyanja yamchere. Akuti tikampatsa, andilola kukhala m'khaya, kachipinda ka antchito kuseri kwa nyumba yake, mpaka imfa.

Ndinati tenga. Gibson anakonzeka kukangana, anasowa pogwira.

Ndautsitsa pamwamba pa kabati. Thumba lachikopa, masamba osasoka, inki yakuda ndi madontho ofiira. Zaka makumi atatu ndi zisanu sindinaukhudze. Malemu asanaugwire ankayamba atawaza, kusamba kwa mapemphero, ine wa ku mishoni ndinkangopukuta fumbi m'mbali.

Lachisanu, 5 Ogasiti

Ndanama dzulo. Ndinaukhudza.

Amuna anga atadwala, Shehe Hamidi ankabwera kulemba mawu a Chiarabu m'mbale yoyera, n'kutsukuluza ndi madzi, iwo n'kumwa. Chifuwa chinkaleza. Kenako Shehe anapita ku Hwange kumaliro, sabata yathunthu. Ine kulemba Chiarabu sindidziwa. Ndinati mawu ndi omwewo, ndipo a m'thumbamo ndi akale, amphamvu kuposa a m'mbale. Tsiku lililonse ndinkasolola tsamba limodzi, kuliviika m'bakuli, inki n'kusungunuka, ine n'kusefa ndi kansalu. Masiku asanu ndi awiri, masamba asanu ndi awiri. Tsiku lachisanu ndi chitatu anamwalira.

Masamba ndi ambirimbiri. Mzungu awerenga onsewo?

Lamulungu, 7 Ogasiti

Shehe amva kuti Msahafu wapita. Anakhala pakhonde osalandira tiyi. Akuti buku limenelo malo ake ndi kumzikiti, osati pakati pa mikondo ndi mabotolo a kachasu wa azungu. Ndawafunsa ngati kumzikiti kuli chipinda cha nkhalamba ya Chikhristu. Anayang'ana nkhuku za eni ake. Anatsanzika.

Mpongozi wanga Evelina wayamba kale kuyeza mapoto anga ndi maso.

Lachiwiri, 9 Ogasiti

Wawerenga.

Mzungu anaitana mmwenye wa sitolo wodziwa Chiarabu. Kani pansi pa tsamba lililonse mlembi ankaika mawu oyamba a tsamba lotsatira. Anayenda nawo limodzilimodzi, apeza asanu ndi awiri palibe. Mzungu akuti Gibson wawachotsa kuti akagulitse padera. Wampatsa mpaka Lachinayi. Akapanda kuwabweza, ntchito yatha, khaya palibe, mwina ndi apolisi omwe.

Gibson anagwetsa zonse m'chipinda muno, mpaka anang'amba pilo. Ine ndinali pampando, ndinkangokweza mapazi akamadutsa.

Lachitatu, 10 Ogasiti

Ndaphika. Sindikumbuka ngati ndinadya.

Lachinayi, 11 Ogasiti

Ndapita ndekha wapansi mpaka kumayadi. Khomo lakuseri, galu wonenepa kuposa Dorah. Mzungu anatuluka ndi kaliwo pakamwa, n'kuyamba Chilapalapa chake, chiyankhulo cha mabwana ndi antchito: "Upi lo pepa, gogo?" Mapepala ali kuti.

Ndinauza Gibson kuti amasulire. Ndinati mapepala ali kumanda, m'mimba mwa mwini wake, amene akuwafuna atenge fosholo.

Gibson sanamasulire. Anangondiyang'ana. Ndinabwereza, ndinafotokoza za bakuli, za kansalu, zonse. Anamasulira akuyang'ana pansi, mawu ngati a munthu wina.

Ndinkayesa mzungu akwiya. Anachotsa kaliwo, nkhope yonse kuwala ngati wapeza mwana. Anathamangira m'nyumba, anabwera ndi kabuku ndi pensulo. Madzi anali a mtundu wanji? Ankamwa kangati? Bakuli lija lilipo? Akulifunanso bakulilo. Akuti Msahafu wathunthu anzake ali nawo, koma womwedwa palibe amene ali nawo. Analemba kakhadi n'kukaika pambali pa Msahafu m'kabati yagalasi, ine ndikuonera pakhomo. Anaugwira ndi dzanja lomwe anasisitira galu.

Kiyi wa khaya wandipatsa. Ndi wamng'ono, womangidwa ndi waya.

Gibson anandiperekeza. Tinayenda kuchokera kumayadi mpaka kunjanji. Titawoloka anaima.

"Amayi, bambo ankadziwa?"

Ndinati tsiku lachiwiri anagwira bakuli, ananunkhiza, anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkati andilalatira. Anafunsa kuti ndikusolola pati. Ndinati pamwamba. Anati, "Uzitenga a pansi, mayi a Gibson. Amenewo ndinaloweza." Atatero anamwa onse.

Gibson anakhala pansi m'mbali mwa msewu, ndi yunifomu yoyera yomweyo, pafumbi. Njinga zinkamulambalala. Ine ndinaimirira pambali ndi kiyi m'manja, kudikira kuti amalize.