Musadule Nthochiyo, Amayi

Umlazi, Durban
22 Juni 2025

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo bondo lija silikukusowetsani tulo ndi chisanu cha Juni. Ine kuno ndilipo, kungoti kutopa. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale pamene mafoni alipo. Foni ya pakhomopo ndi ya amalume a Jimu, ndipo ndikaimba amaiika pa sipika, mudzi wonse n'kukhala pansi kumvetsera, ndi nkhuku zomwe. Zimene ndikufuna kukuuzani si za pa sipika. Ndapatsira mayi Shamim, aja amaoda mabulangete kuno, akwera basi Lachitatu. Ndawapempha kuti akupatseni m'manja mwanu. Muwerenge muli nokha, magalasi ndinakutumizirani aja agwireko ntchito.

Uthenga wa amalume ndinaulandira. Akuti mu Ogasiti adula thunthu la nthochi, alikulunge m'nsalu, akaliike kumanda m'malo mwa achimwene a Lekani, kuti maliro athe ndipo mulamu Norah asudzulidwe. Akuti munthu amene anangoti zii kuyambira chaka chija madzi osefukira anakokolola nyumba kuno, ndiye kuti anapita ndi madziwo. Anandiuzanso kuti nditumize nsalu yoyera. Nsaluyo sindinagule, Amayi, ndipo sindigula. Koma kuti mumvetse, ndiyambe ndakufotokozerani ntchito yanga, chifukwa ndikudziwa mumauza amayi a mvano kuti Edda ali pa ofesi, koma chimene amachita pa ofesipo simuchidziwa.

Ofesi yake ndi chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matayala, kufupi ndi Morningside. Kampaniyo imagulitsa mapolise a inshuwalansi ya maliro pa foni. Bwana wathu, a Nasser, amagula manambala a anthu m'malo osiyanasiyana, ena ochokera pa timapepala ta mipikisano timene anthu amalemba m'masitolo poyembekeza kuwina firiji. Manambala amenewa ambiri ndi zinyalala. Ena anasiya kugwira ntchito, ena mwini wake anasintha, ena munthu analemba abodza dala. Ndiye ogulitsa, amene amadziona ngati ndiwo eni kampani, safuna kutaya malovu pa nambala yakufa. Ife atatu timayamba ndife kuimba kuti tione ngati nambalayo ili moyo, komanso ngati woyankhayo ndi yemwe dzina lake lalembedwa. Tikatero timasankha pa kompyuta: yamoyo, yakufa, yolakwika, kapena yesaninso. Kupeta kumene mumachita pa lichero kuja, Amayi, ndi komweko, kungoti ine ndimapeta anthu.

Tsiku lonse mawu ndi amodzimodzi, olembedwa kale, ndipo suloledwa kuwonjezera ako. Chomvera cha kumakutu chimandipweteka mpaka m'nsagwada. Wina akutukwana, wina akufunsira, wina ndi gogo wosungulumwa amene akufuna akuuze za shuga wake. Pofika madzulo, ndikakhala pamzere wa teksi ya ku Umlazi, ndimakhala ndilibe mawu ngakhale oti ndipereke moni. Sindikudandaula, ndinailira ndekha ntchitoyi, ndipo walira mvula walira matope.

Pa ofesipo dzina langa ndine Cindy. Ndinawauza kuti kwathu ndi ku Limpopo, kumalire, chifukwa kuno ndi ochepa amene amadziwa kayankhulidwe ka kumeneko. Mapepala anga mukudziwa mmene alili. Mnzanga wokhala naye moyandikana, Thandeka, ndi mtsikana wabwino, timagawana buledi, koma tsiku lina ndinamumva akunena za anthu obwera, ndipo kuyambira pamenepo Chichewa changa ndimachisiya pakhomo pamodzi ndi chitenje. Foni iliyonse imene timaimba imajambulidwa, ndipo Lachisanu a Nasser amasankha zina n'kumamvetsera.

Pali chinthu chimodzi chimene ndaphunzira pa ntchitoyi. Ife a kwathu timadzikana. Munthu wa kuno ukamutchula dzina amati yebo, ukufuna chiyani. Koma wa kwathu, akangomva mawu a mu ofesi akutchula dzina lake lonse, la m'pasipoti, mtima umathamangira ku zipupa za Lindela, kumene amatsekera opanda mapepala asanawabweze kwawo, ndipo amayankha msanga kuti mwalakwitsa nambala. Ine ndimamuzindikira ndi "hello" yekhayo, ndimadziwa kuti uyu ndi wa ku Mangochi, uyu wa ku Mzimba. Ndimalemba kuti yolakwika, n'kumusiya apume. Komanso foni ya ku ofesi sailekerera kulira, chifukwa aliyense amaganiza kuti mwina ndi ntchito ikumuitana.

Tsopano ndifike pa nkhani.

Mwezi watha mayi Shamim anandikokera pambali titatuluka m'sitolo ya mabulangete. Anati, "Iwe Edda, usakuwe. Ku Verulam ndaona telala pakhonde la shopu, wakhala chopendekera phewa limodzi ngati mchimwene wako. Pa chikwangwani palembedwa kuti Shadrick. Nditamuyandikira wandiyankha m'Chizulu, maso ali pa singano." Anajambula chikwangwanicho, ndipo panali nambala.

Loweruka lake ndinakwera mateksi awiri kupita ku Verulam. Ndinapeza pakhondepo pali mayi wogulitsa mapeyala. Anati telala uja anasamuka masiku omwewo, sakudziwa kumene analowera. Ndinaimba nambala ija pa foni yanga, inalira mpaka kutopa. Ndinalemba uthenga, unawerengedwa, kenaka chithunzi chinazimiririka, kusonyeza kuti anditsekera. Mayi Shamim anayesa pa yawo, chimodzimodzi. Ndinabwerera ku Umlazi ndili ndi mkwiyo woti ndikanakumana ndi achimwene ndikanawaponyera nsapato.

Lolemba m'mawa ndinachita chimene sichiloledwa. Ndinalowetsa nambala ija pakati pa manambala a kampani, ndi dzina lenileni la achimwene. Inanditulukira Lachinayi, dzuwa litakwera. Sinalire kawiri.

"Hello, madam? Yebo?"

Amayi, anali iwo. Mawu anali a munthu amene akuyembekeza kuti amuitana ku ntchito. Kumbuyo kwawo makina osokera ankalira. Thandeka anali pambali panga akudya tchipisi, ndipo kadontho kofiira kosonyeza kuti foni ikujambulidwa kanali kuyaka. Ndinawerenga mawu anga a masiku onse m'Chingerezi, kuti ndine Cindy, kodi ndikuyankhula ndi bambo Lekani Kamtambe?

Makina aja anasiya. Anakonza kukhosi kawiri, mmene ankachitira malemu bambo akafuna kukana chinthu.

"Wrong number, sisi."

Koma sanadule. Ndaimbira anthu osawerengeka, ndipo wa nambala yolakwika amadula usanamalize kupepesa. Iwo anangokhala, ndikumva kupuma kwawo. Inenso ndinangokhala. Anandidziwa, ndinawadziwa, ndipo tonse tinali chete ngati alendo okumana pa depoti. Nditaona kuti nthawi ikukwera pa kompyuta, ndinathokoza m'Chingerezi n'kudula ndine. Ndinayenera kusankha yolakwika, koma ikatero nambala imachotsedwa. Ndikanasankha yamoyo ikanapita kwa ogulitsa, akawavutitse mpaka ataye simu. Ndinasankha yesaninso, kuti ibwerere kwa ine. Kenaka ndinapita kuchimbudzi, ndinatsegula mpopi kuti anthu asandimve.

Inabwereranso sabata yotsatira. Ulendo uno anayankha ngati foniyo inali kale m'manja. Ndinafunsa funso lomwe lija, anayankha yankho lomwe lija. Ndiye anatsitsa mawu, n'kunena m'Chingerezi chawo chothyokathyoka chija:

"Munthu mukumufunayo ndimamudziwa. Sakudwala."

Mawu amene tinapatsidwa amalola kufunsa ngati pali nambala ina yomupezera munthu. Ndinafunsa.

"Alibe. Alibenso choti anene." Kenaka anafunsa: "Mayi ake alipo?"

Ndinayankha ndi mawu a mu ofesi, maso ali pa kompyuta, kuti inde bambo, malinga ndi zimene tili nazo mayi ake alipo, koma bondo likuwavuta.

"Lomwe lija?"

"Lomwelo."

Apa mpamene ndinaona ubwino wogwira ntchito pamalo ogulitsa maliro. Mawu oti maliro amatchulidwa m'chipinda chimenecho kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo palibe amatembenuka. Ndinati, "Bambo, mukamuona mumuuze kuti abale ake akukonza maliro ake mu Ogasiti. Thupi palibe, ndiye aika nthochi."

Ndinamva mpando ukukhwekhwereza. Anati "eish," motalika. Kenaka, Amayi, anayankhula Chichewa, mawu awiri okha, otsika kwambiri: "Asatero, Edda." Foni n'kuduka.

Ndime ikubwerayi musamuwerengere mulamu Norah, mudzamuuze nokha mmene mungaonere. Tili mkati moyankhula, kumbuyo kwawo kunkalira khanda, ndipo mayi wina anaitana m'Chizulu kuti bambo a Lwandle adzatenge mwana. Sindinaone ndi maso, ndiye sindiweruza. Koma makutu anga ndi amene amandidyetsa kuno, ndipo sanama kawirikawiri. Achimwene sanapite ndi madzi. Madziwo anangowapatsa pobisala, iwo n'kutchona. Ngati Norah akufuna kumasuka, amalume amumasule mwaulemu, ana akhale athu monga kale. Wadikira mokwanira mtsikana uja, nkhope yake yafota ali pakhomo pathu. Koma amumasule ngati mkazi wosiyidwa, osati ngati wamasiye.

Lachisanu a Nasser anandiitana. Mwatsoka anasankha foni yomweyo. Chichewa chija sanachimve bwino, anaganiza kuti munthuyo akutukwana. Chimene chinawapsetsa mtima n'chakuti ndinatchula za maliro. Anati, "Cindy, iwe si wogulitsa. Ntchito yako ndi kufunsa dzina basi. Ndipo munthu wakuuza kawiri kuti walakwitsa, ukumusungiranji? Ndikadzamvanso zoterezi, pali atsikana ambiri panja akufuna mpando umenewo." Ndinapepesa. Thandeka anandiyang'ana nthawi yaitali, koma buledi tinagawana monga mwa masiku onse.

Vuto ndi ili. Kompyuta imalola kuyesa nambala katatu kokha, ikatero imaitseka, sungaiimbenso pa foni ya kampani. Ndatsala ndi ulendo umodzi. Foni ina iliyonse achimwene sayankha. Ya ku ofesi amayankha, mwina chifukwa pamenepo atha kumva mawu anga popanda kukhala Lekani. Ulendo womalizawu ndauimitsa kaye, ndipo ndikhoza kuusunga mpaka kutha kwa mwezi wa mawa a Nasser asanauone. Ndaganiza kuti tsikulo ndidzayankhula Chichewa, Thandeka amve, makina ajambule. Ntchito ikatha ithe, ndidzabwerera kochapa zovala za eni ake ku Morningside, manja anga sanaiwale. Ndikuopa, ndisaname. Koma sindingathe kunyamula mawu a mayi anga m'Chingerezi cha mu ofesi.

Ndiye pempho langa ndi limeneli. Mayi Shamim akhala kumudziko masiku angapo asanabwerere. Muwatengere kuseri kwa nkhokwe, kopanda amalume, muwauze mawu amene mukufuna kuti mwana wanu amve. Akhale ochepa, Amayi, chifukwa sindikudziwa kuti adzandipatsa mpata wotalika bwanji. Ngati ndi kukalipa, ndidzakalipa mmene mwanenera. Ngati ndi kuwaitana, ndidzawaitana. Ine pandekha ndatopa nawo, ndawakwiyira, ndipo masiku ena ndimaganiza kuti munthu amene walola mayi ake kumulira zaka zonsezi nthochi ikumuyenera. Koma chibale n'fupa, sichiola. Ndikamva foni ikulira mbali inayo, mtima wanga umathamangabe ngati ndili mwana ndikuwachingamira pa njira ya kusukulu.

Amalume muwauze zimene mungathe. Akafuna umboni, ndilibe chithunzi, ndilibe adiresi. Muwauze kuti Edda ntchito yake ndi yosiyanitsa nambala yamoyo ndi yakufa, ndipo yakufa siifunsa za bondo.

M'chikwama cha mayi Shamim ndaikamo mafuta opaka aja, juzi yanu, ndi nsapato za ana a achimwene. Ndangoyerekeza saizi, zikakula aikemo nsanza kutsogolo. Mupereke moni kwa amalume a Jimu ndi azakhali, kwa mulamu Norah mumugwire dzanja m'malo mwanga, ndi kwa ana awiriwo, amene sindikudziwa kuti mudzawauza chiyani. Moni kwa amayi a mvano, apitirize kundipempherera, koma dzina la achimwene alichotse kumbali ya omwalira.

Ndikanakonda kulemba kuti mwana wanu wamwamuna wakupatsani moni, koma sanatero, ndipo sindikufuna kukunamizani. Anangofunsa ngati ndi bondo lomwe lija. Mulipake mafutawo m'mawa ndi madzulo. Nthochi ya kuseri kwa nyumba ija muisiye ibereke.

Ndine mwana wanu wotopa koma wokukondani,

Edda